MIYENDO IKAFOOKA, WOLEMALA APIMIDWENSO

M'midzi yambiri ya Cigawo ca Kum'mawa muli nkhalamba zimene zimasunga pepala limodzi mosamala koposa ndalama. Pepalalo limakhala m'kacitini pansi pa kama, ndipo ndi la dotolo amene anapima mwiniwace zaka 10 kapena 20 zapitazo. Tsiku limenelo munthuyo anapita yekha ku cipatala. Anali kutsimphina, koma anayenda. Dotolo analemba zimene anaona, kuti cilema ncocepa. Lero munthu yemweyo sangafike pa citsime, ndipo pofuna kukhala padzuwa adzukulu amamgwira mbali ndi mbali. Koma thandizo limene amalandira likali kuwerengedwa pa pepala lakale lija, ngati kuti miyendo yace iri monga inaliri pa tsiku la kupimidwa.

Munthu wotere ayenera kupimidwanso. Ndipo popeza iye ndiye amene sangathe kuyenda, nchito yomfikitsa kwa dotolo iri m'manja mwa anthu okhala naye pafupi, makamaka mamembala a Cipani m'masekishoni ndi m'nthambi za kumidzi.

Nkhani imeneyi si yacilendo m'dziko la Zambia. Mu 1967 malemu Dr Kenneth Kaunda anafalitsa ciphunzitso ca Umunthu, cimene cinaika munthu pakati pa zocita zonse za mtundu. Ciphunzitsoco cinakumbutsa anthu kuti mudzi wa makolo sunali kutaya nkhalamba, wodwala kapena wopunduka cifukwa cakuti waleka kulima. Caka cotsatira, mu 1968, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loyang'anira olemala. Ulamuliro wa cipani cimodzi unatha mu 1991, koma udindo umenewu sunathere pamenepo. Lamulo lina linapangidwa mu 1996 ndi kukhazikitsa bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities. Mu 2010 Zambia inabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa olemala, ndipo mu 2012 panabwera lamulo latsopano lolimbitsa ufuluwo. Malamulo alipo ndithu. Cimene cimasowa kawirikawiri ndi munthu wonyamula wolemala kucoka pa mphasa yace kukafika pa khomo pamene malamulowo amagwira nchito.

CILEMA SICIIMA MALO AMODZI

Anthu ambiri amaganiza kuti cilema cikapimidwa kamodzi, nkhani yatha. Madotolo amadziwa kuti siziri conco.

Amuna ambiri a ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi anatha unyamata wao pansi pa nthaka ku Mufulira, Luanshya, Kitwe ndi Chingola. Pfumbi la miyala limene anapuma kumeneko limakhazikika m'mapapo ndi kuwaumitsa pang'onopang'ono. Nthenda imeneyi imapitirira kukula ngakhale munthu atasiya mgodi zaka zambiri zapitazo, ndipo imatsegulira njira cifuwa cacikulu. Amene anabwera kumudzi ali kutsokomola cabe, patapita zaka amapezeka kuti sangakwere kacitunda ka kumunda osaima katatu kupuma. Miyendo iripo, koma mpweya woiyendetsa wacepa.

Wina anaduka mwendo pa ngozi ya pa nchito, nayenda ndi ndodo zaka zambiri. Mwendo wotsalawo unasenza thupi lonse wokha, kotero bondo ndi ciuno zinatha msanga, ndipo mapewa nawo anatopa ndi ndodo. Wina anadwala poliyo ali mwana, nakula ndi kulera ana ace akuyenda mopendama. Madotolo anapeza kuti ambiri otere amayambanso kufooka patapita zaka 15 kufikira 40, minofu imene inatsala yamoyo itatopa. Mu 2020 Africa inalengezedwa kuti yagonjetsa poliyo wa m'cilengedwe, koma amene anapunduka naye kale akali m'midzi, ndipo akukalamba. Winanso anacira khate, koma mitsempha ya m'mapazi inafa. Sakumva minga kapena moto, zilonda zimabwera, ndipo phazi limanka likucepa.

Onsewa ali ndi pepala loona, koma loona pa tsiku limene linalembedwa. Cotero munthu wopempha kupimidwanso asamachedwe wadyera kapena wosayamika. Akungopempha kuti Boma lione thupi lace monga liriri lero.

MAKOMO OYENERA KUGOGODA

Membala wa Cipani wofuna kuthandiza mnzace ayenera kudziwa kumene nkhani iriyonse imapita, cifukwa kusocera ndiko kumathetsa anthu mphamvu ndi ndalama za ulendo.

Khomo loyamba ndi la amene anabvulala kapena kudwala cifukwa ca nchito yolembedwa. Iwo ali pansi pa bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lace liri ku Ndola. Lamulo la mu 1999 linaphatikiza thumba la cipukuta-misozi ca anchito ndi thumba la odwala pfumbi la m'migodi kukhala limodzi. Kumeneko cilema cimawerengedwa m'magawo a pa 100. Cocepa cimalipidwa kamodzi, cacikulu cimapatsidwa penshoni ya mwezi ndi mwezi. Nambala imene dotolo analemba ndiyo imalamulira ndalama, ndipo nambalayo singasinthe yokha popanda dotolo kuonanso munthuyo. Za mapapo a anthu a m'migodi zimapimidwa ku Kitwe, ku bungwe limene kale anthu anali kulidziwa ndi dzina la Pneumoconiosis Bureau, ndipo tsopano limachedwa Occupational Health and Safety Institute.

Khomo laciwiri ndi la ndalama za Social Cash Transfer, zimene zinayamba kuyesedwa ku Kalomo mu 2003, zinafika ku Chipata mu 2006 ndi ku Katete mu 2007, kenaka zinafalikira m'dziko lonse. Banja lokhala ndi munthu wolemala kwambiri limalandira zoposa mabanja ena. Mu 2022 banja wamba linali kulandira K200 pa mwezi, pamene banja lokhala ndi wolemala kwambiri linali kulandira K400. Kusiyana kwace pa caka cimeneco kunali K2,400, ndalama zokhoza kulipira waganyu wolima munda umene mwiniwace sangaufikenso. Mabanja ena analembedwa cifukwa ca ukalamba kapena umasiye pamene munthuyo anali kuyenda. Lero ali pa mphasa, koma m'buku akali monga analowera. Nkhani yotere imayambira kwa komiti ya m'mudzi yochedwa CWAC, imafuna umboni wa dotolo, ndipo imafika ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma.

Khomo lacitatu ndi la kulembetsa ku bungwe la olemala lija, limene limapereka khadi losonyeza kuti munthu ndi wolemala. Khadilo ndi umboni wothandiza pofuna zinthu zina, monga njinga ya olemala.

CIFUKWA CACE AMBIRI SAPITA

Pali zinthu zitatu zimene zimatsekereza anthu m'nyumba.

Coyamba ndi mantha. Nkhalamba imaopa kuti ikakadzionetsa, akuluakulu adzaiona ngati yobvuta ndi kuilanda ngakhale kocepa kamene iri nako. Mantha amenewa sayenera kusekedwa, cifukwa kwa munthu wosauka fodya wace ndi amene ali pamphuno. Ndipo coona ciyenera kunenedwa, kuti dotolo amalemba zimene wapeza, kaya zikukweza kaya ai. Koma munthu amene anali kuyenda ndipo tsopano akukwawa alibe cobisa. Thupi lace ndilo mboni yace.

Caciwiri ndi manyazi. Anthu a m'badwo umene unamanga dziko lino sakonda kudandaula. Dotolo akafunsa kuti ali bwanji, amayankha mwaulemu kuti ali bwinoko. Ena amadzilimbitsa pa tsiku la kupimidwa, nayenda mapazi asanu mokukuta mano kuti asacititse banja manyazi, kenaka amagona masiku atatu. Dotolo amaona mapazi asanu aja, masiku atatuwo sawaona. Ulemu wotere umadyetsa munthu njala.

Cacitatu, ndipo ndico cacikulu, ndi mtunda. Kucoka ku Chipata kukafika ku Kitwe ndi makilomita oposa 900. Ngakhale kucoka m'mudzi kukafika pa cipatala ca pa boma ungakhale ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo m'dzinja mitsinje imadzaza. Apa ndipo pali cobvuta ceniceni ca nkhani yonseyi: pamene munthu afunikira kwambiri kupimidwanso, ndi pamenenso sangathe kupita kukapimidwa. Wotsimphina amafika pa ofesi. Wosayenda konse samaoneka, ndipo amene samaoneka amaiwalika.

Ena adzanena kuti ndalama za Boma nzocepa, ndipo aliyense akapempha kupimidwanso, acinyengo adzalowerapo. Mau amenewa ali ndi nzeru yace. Koma kupima kwa dotolo ndiko kumene kumasiyanitsa woona ndi wonama. Ndalama zikacepa, mpamene zifunika kwambiri kuti zifike kwa amene ali pansi koposa onse, ndipo zimenezo sizingatheke ndi mabuku olembedwa zaka zambiri zapitazo.

NCHITO YA NTHAMBI IRIYONSE

Cipani sicikhala ca misonkhano ndi masankho okha. Wakumpando wa sekishoni amadziwa nyumba iriyonse. Amadziwa amene analeka kubwera ku maliro, ndi amene mpando wace kumpingo wakhala wopanda munthu kuyambira caka catha. Cidziwitso cimeneci palibe ofesi ya m'tauni imene iri naco.

Cotero nthambi iriyonse iyenera kuyamba ndi kuyendera. Atsogoleri, pamodzi ndi anyakwawa, alowe m'nyumba za olemala ndi za nkhalamba zocokera ku migodi, afunse mwaulemu ngati kayendedwe kasintha, ndipo amve cimene mwiniwace akufuna. Wolemala si katundu wongonyamula. Iye ndiye mwini nkhani, ndipo akakana, akane atamva zonse.

Akabvomera, mlembi wa nthambi amthandize kusonkhanitsa mapepala: citupa ca registireshoni, makhadi a ku cipatala akale ndi atsopano, nambala ya ku mgodi kapena kalata ya kumene anali kugwira nchito, ndi pepala la kupimidwa koyamba. Kenaka alembe kalata yaifupi yonena zinthu zooneka. Mau akuti “ndikudwala kwambiri” sathandiza wopima. Alembe kuti kale munthuyo anali kufika ku cigayo, tsopano safika pa nkhokwe. Kuti wagwa kangati kuyambira pa kukolola. Kuti ndani amamsambitsa ndi kumtembenuza usiku. Kalatayo ilembedwe pawiri, imodzi itsale kunyumba, ndipo tsiku limene inaperekedwa lilembedwe m'buku la nthambi.

Acinyamata a Cipani, amene amapeza mphamvu zoyenda mitunda pa nthawi ya masankho, apeze mphamvu zomwezo zomanga ng'ombe pa ngolo ndi kutengera nkhalamba ku mseu. Amai a m'Cipani aonetsetse kuti amene amasamala wodwalayo tsiku ndi tsiku, kawirikawiri mkazi wace kapena mdzukulu, apite naye kwa dotolo, cifukwa iye ndiye angafotokoze zimene mwini thupi akucita nazo manyazi. Ndipo yankho likacedwa, khansala wa wadi akafunse, ndi kubwereranso kukafunsa, kufikira liperekedwe. Yankho likabwera lokana, munthuyo ali ndi ufulu wofunsa cifukwa cace ndi kupempha kuti nkhani yace ionedwenso.

CENJEZO KWA ATSOGOLERI

Pali cinthu cimodzi cimene ciyenera kunenedwa mosabisa. Ndalama zimenezi si mphatso ya Cipani. Za anchito zinacokera m'zopereka za olemba nchito, ndipo za Social Cash Transfer zimacokera m'thumba la mtundu wonse ndi kwa abwenzi a dziko lino. Mtsogoleri amene afunsa khadi la Cipani asanathandize wolemala wacimwira mtundu. Amene aika mlamu wace woyenda bwino patsogolo pa nkhalamba yokwawa ndi mbala, ngakhale abvale malaya a Cipani. Amene apempha nkhuku kapena gawo la ndalama zoyamba kuti alembe kalata acotsedwe pa mpando tsiku lomwelo. Anthu a m'mudzi amaona zonsezi, ndipo amazikumbukira nthawi yaitali kuposa zolankhula za pa msonkhano.

Akuluakulu a m'maofesi nawonso ali ndi mbali yao. Popeza amene afunikira kwambiri kupimidwa ndiwo sangayende, opima ayenera kumafika pafupi ndi midzi pa masiku odziwika, olengezedwa pa wailesi ndi kwa mafumu nthawi ikalipo. Nthambi zikakonza maina ao bwino, dotolo mmodzi pa tsiku limodzi angathe kuona anthu amene akanatha miyezi akusonkhanitsa ndalama za basi. Pempho limeneli lipite ku misonkhano ya mawadi, ndipo aphungu a ku Nyumba ya Malamulo alimve kucokera kwa anthu ao.

Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Mnyamata amene lero akukankha ngolo adzakalamba, ndipo adzafuna kupeza mwambo umenewu uli wokhazikika m'mudzi mwace. Cotero pa msonkhano wotsatira wa nthambi, zokamba za makhadi ndi zopereka zisanayambe, wakumpando afunse funso limodzi: ndani m'mudzi muno amene anali kuyenda caka catha, ndipo lero sakuyenda? Maina amene adzachulidwe alembedwe, ndipo mvula isanatseke njira, eni ace akhale ataonana ndi dotolo.