Mulungu Sanathamangitsidwe m'Sukulu za ku England

Akonzi,

Mkulu amene analemba sabata yatha kuti sukulu za pulayimale ku England zinathamangitsa Mulungu anangolemba zam'maluwa. Lamulo la maphunziro la 1944 linalamula sukulu za boma kuchititsa mapemphero tsiku lililonse, ndipo la 1988 linaonjezera kuti mapempherowo azikhala makamaka achikhristu. Kholo losafuna, kaya ndi Msilamu kaya wosapembedza, lili ndi ufulu wochotsako mwana wake.

Mwana wanga amakhala pansi mu holo ndi anzake, amayimba, amamva nkhani ya Msamariya wachifundo, kenako onse amatsinzina n'kupemphera. Inde, sukulu zina zimazemba lamuloli. Koma bambo, ngati mwana wanu sadziwa kupemphera, musaloze chala aphunzitsi. Kunyumba kwanu Baibulo munalitsegula liti?

Kholo lokhudzidwa,
Leicester