Banki Isatiphimbe M'maso ndi Mphatso

Mu 2018, banki ya Wells Fargo ya ku America idapereka madola 444 miliyoni ku mabungwe othandiza anthu, ndipo antchito ake ankamanga nawo nyumba za osauka mongodzipereka. Ine sindiwomba m'manja.

Banki yomweyi mu 2016 idalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni chifukwa antchito ake ankatsegula maakaunti m'maina a makasitomala eni ake osadziwa, ena mpaka kumadulidwa ndalama. Pofika 2017, maakaunti okayikitsawo adafika 3.5 miliyoni. Antchitowo ankathamangitsa chiwerengero chosatheka chomwe mabwana adawaikira, ndipo 5,300 adachotsedwa ntchito. Ndiye munthu wofinyidwa sabata yonse, Loweruka avalenso malaya a banki kukamwetulira pa kamera?

Ena amati thandizo ndi thandizo basi. Zoona, wolandira nyumba amagona pabwino. Koma mphatso banki imapereka ikafuna, pomwe chilungamo kwa kasitomala ndi ngongole. Wangongole ayambe wabweza, phwando pambuyo.

Anzanga amene mukusaka ntchito kumabanki, musakomedwe ndi chithunzi cha cheke chachikulu. Funsani momwe bankiyo imachitira ndi kasitomala wake wosaukitsitsa pa kauntala.