Masikirini a m'Nyumba ya Malamulo Atumikire Yani?

Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utafika povuta, ku London anapachika masikirini m'chipinda cha House of Commons. M'chipindamo ankaloledwa kukhalamo aphungu 50 okha, ndipo ena okwana 120 ankatha kuyankhula pa Zoom ali kunyumba kwawo. Zinatheka m'masabata ochepa chabe, m'nyumba yodziwika ndi kukakamira miyambo yakale. Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti masikiriniwo anatumikira aphungu okhaokha, wovota n'kungokhalabe woonerera. Nako ku Berlin, katswiri wojambula mapulani a nyumba Norman Foster anaika denga lagalasi pamwamba pa nyumba ya malamulo ya Reichstag, lomwe linatsegulidwa mu 1999, kuti anthu aziyenda pamwamba pa aphungu n'kumawasuzumira. N'zokongola ndithu, koma mawu a wosuzumirayo sawafika aphungu pansipo. Wojambula mapulani a nyumba yotere lero aganizire za chipinda chomwe mayi wa kumudzi angalowemo kudzera pa foni yake, afunse za mankhwala osowa kuchipatala cha kwawo, phungu n'kuyankha pomwepo anthu onse akumva. Ndipo batani lozimitsira maikolofoni lisakhale m'manja mwa phunguyo ayi, lisungidwe ndi kalaliki wosakhala wa chipani chilichonse.