Nkhani za Mulanje zikudikira wozijambula wa konkuno

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, tonse tinasanduka ojambula. Mavidiyo a madzi ndi miyala zikutsika m'phiri anazungulira pa WhatsApp kwa masabata angapo. Lero ali kuti? Ambiri tinawafufuta foni itadzaza. Koma amene anataya abale, nyumba ndi minda ku Muloza ndi ku Phalombe akadalipo. Ndani akutsata moyo wawo ndi kamera?

Imeneyi ndiye ntchito ya wopanga kanema wa zochitika zenizeni, uja timati documentary. Iyeyu amatsalira atolankhani ndi magalimoto a mabungwe atachoka.

Taonani makanema otere amene anatchukitsa nkhani za Amalawi. William and the Windmill, wa 2013, wonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, anapanga ndi Ben Nabors wa ku America. Buddha in Africa, wa 2019, wojambulidwa pa Amitofo ku Blantyre, ndi wa Nicole Schafer wa ku South Africa. The Ants and the Grasshopper, wa 2021, wotsata mayi Anita Chitaya, mlimi wa kufupi ndi Ekwendeni, ndi wa Raj Patel ndi Zak Piper. Onsewa anatsata munthu mmodzi kwa zaka, ndipo ndimawavulira chipewa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, eya. Koma mlendo ndi mamenso, sachedwa kukamuka.

Nanga ife a pa Boma pano tikusowa chani? Nkhani ndi mbwee. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, wadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha m'phiri lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Amaudula ndani, amagula ndani? Mayi wothyola tiyi amatsala ndi zingati mwezi ukatha? Mnyamata wosenza katundu wa alendo kupita ku Sapitwa amatani dzinja likafika? Mlendo amafuna womasulira kuti afunse zimenezi. Iwe ungofika pakhonde n'kuodira.

Koma tisanamizane, ntchitoyi ilibe malipiro a pamwezi. Ambiri amadalira kujambula maukwati ndi misonkhano ya mabungwe. Palibe cholakwika, munthu adye. Vuto ndi lakuti kanema wolipiridwa ndi bungwe amathera pothokoza bungwelo. Woima payekha amagula bandulo ndi ndalama zake, koma funso amafunsa limene akufuna.

Kwa amene akuyamba, ndili ndi mawu awiri. Sankha banja limodzi, upemphe chilolezo bwinobwino, uzibwererako chaka chathunthu. Misozi ya munthu si nyambo yokolera ma like. Ukamaliza, oyamba kuonera akhale eni nkhaniwo, m'mudzi mwawo momwemo, usanaponye pa YouTube.

Enafe tili ndi gawo lathu. Mnzathu akatulutsa kanema wa mphindi 30, tionere mpaka kumapeto, ndipo pakhomo tilipire. Tikapanda kutero, mbiri ya Freddy adzukulu athu adzaimva kwa alendo, m'Chingerezi.