Wosewera mpira akathyoka kakolo, amamusamala ndani mpaka achire?

Matundo, Tete – Okonda mpira akadzaza malo oonetsera ligi ya ku England kuno ku Matundo, tsopano amakhala ndi wawo m'bwalo. Reinildo Mandava, mbadwa ya ku Beira, adasaina mgwirizano wa zaka ziwiri ndi timu ya Sunderland mu Julaye 2025, ndipo ndiye wosewera woyamba wa dziko la Mozambique kulowa mu Premier League. Komatu zaka ziwiri zisanafike pamenepo, munthu yemweyu ankayendera ndodo.

Pa 25 Febuluwale 2023, akusewerera Atlético de Madrid polimbana ndi Real Madrid, Reinildo adaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo lakumanja ndipo adachitidwa opaleshoni. Miyezi 11 isanakwane, pa 22 Januwale 2024, anali kale mu yunifolomu ya Mambas ku Abidjan. Ghana inkatsogola 2-0, Geny Catamo adabweza chimodzi pa penate, kenako Reinildo adagoletsa ndi mutu m'mphindi zowonjezera, masewero n'kutha 2-2.

Ambiri amakumbukira chigolicho. Miyezi ya pakati pa opaleshoni ndi chigoli sionetsedwa pa kanema, chonsecho ndi imene imagamula ngati wosewera adzabwerere kapena ayi. Nkhaniyi ikukhudzanso anyamata ndi atsikana amene akusewera pa mabwalo a fumbi ku Matundo, ku Moatize, ku Ulóngue ndi ku Furancungo.

Kakolo ndi kakang'ono, koma watha ntchito za akatswiri

Pa kakolo pamakumana mafupa awiri a msongolo ndi fupa la phazi, ndipo zonsezi zimagwiridwa ndi mitsempha. Thupi lonse limatsamira pamenepa. Pakangolakwika pang'ono, kuthamanga, kukhota ndi kudumpha zonse zimavuta.

Sabata yomweyo imene Reinildo adavulala, pa 19 Febuluwale 2023, Neymar adatulutsidwa pa machira timu ya Paris Saint-Germain ikusewera ndi Lille. Mu Malichi madokotala a chipatala cha Aspetar ku Doha adamuchita opaleshoni yokonza mitsempha ya kakolo wakumanja, ndipo ligi ya chaka chimenecho idamuthera pomwepo.

André Gomes, Mpwitikizi amene ankasewera ku Everton, adathyoka ndi kuguluka kakolo pa 3 Novembala 2019. Adalowa m'chipinda cha opaleshoni mawa lake lomwe, ndipo adabwerera m'bwalo patatha masiku 112.

Santi Cazorla wa ku Spain zidamuvuta kwambiri. Bala la opaleshoni lidalowa tizilombo, timene tidadya masentimita 8 a mtsempha wa kuchidendene. Madokotala adachita kutenga khungu la pamkono n'kukamata pamwendo. Masewero ake omaliza ku Arsenal anali mu Okutobala 2016, ndipo adadzasewereranso mu ligi mu Ogasiti 2018 ali ku Villarreal.

Marco van Basten, amene adapata mphoto ya Ballon d'Or katatu, adasewera komaliza mu 1993 ali ndi zaka 28. Maopaleshoni angapo adalephera kubwezeretsa kakolo wake, ndipo mu 1995 adalengeza kuti wasiya mpira.

Anayiwa onse anali ndi ndalama komanso madokotala apamwamba, koma mathero awo adasiyana. Opaleshoni imatenga maola ochepa chabe. Zotsatira zake zimadalira kukula kwa vutolo, kufulumira kwa thandizo, ukhondo wa bala, mafizo a tsiku ndi tsiku, komanso kudekha kwa mwiniwake.

Malipiro saima ku Ulaya, nanga kuno?

Chimene chimathandiza katswiri wa ku Ulaya kudekha si mtima wokha. Ali pa bedi, malipiro ake amabwerabe, timu imalipira dokotala, ndipo tsiku lililonse pamakhala womuyang'anira pa mafizo. Sada nkhawa ndi ufa wa mawa, ndiye sathamangira kuponda mwendo usanapole.

Chigawo cha Tete chili ndi matimu a mbiri. União Desportiva de Songo idatenga chikho cha Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022, ndipo dzina la Chingale de Tete limadziwika m'dziko lonse. Wosewera amene ali ndi mgwirizano wolembedwa ndi timu ndi wantchito ngati wina aliyense. Lamulo la boma, Decreto 62/2013, limauza olemba ntchito kuti aike antchito awo pa inshuwalansi ya ngozi za pantchito, ndipo kuvulala m'masewero kapena pokonzekera ndi ngozi ya pantchito kwa munthu amene ntchito yake ndi mpira. Choncho wosewera asanasaine ayenera kufunsa poyera kuti akavulala adzalipira chipatala ndani, ndiponso malipiro adzayenda bwanji iye ali pa ndodo.

Koma osewera ambiri m'chigawo muno alibe pepala lililonse. Amasewerera mbuzi, yunifolomu kapena ndalama zochepa za chikho chimene wamalonda kapena wandale waika. Lolemba m'mawa munthu yemweyo ndi mlimi wa mbatatesi, wonyamula katundu pamsika, kapena woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu kuwoloka mlatho wa Samora Machel. Mwendo wake ndi umene umadyetsa banja.

Nyengo nayo imawonjezera vuto. Zikho za m'midzi zimachuluka anthu akakolola, nthaka ikamauma gwa ndipo mabwalo ali ndi maenje ndi zitsa. Fupa lothyoka limafuna masabata osachepera 6 kuti ligwirane, ndipo mphamvu zimabwerera patapita miyezi. Mnyamata wothyoka kakolo mu Okutobala amaphonya kugalauza ndi kubzala ndi mvula yoyamba. Banjalo limalemba aganyu ndi ndalama za feteleza, apo ayi limachepetsa munda. Ngozi ya mphindi imodzi pa bwalo imadzaonekera m'nkhokwe mu Meyi.

Kubinya kapena kuthyoka?

Cholakwika chofala n'kuganiza kuti kakolo aliyense wotupa wangobinya. Anzake amakoka phazi pomwepo, ena amathowa ndi madzi otentha, ena amatemera mankhwala, mwini wake n'kumapondabe. Ngati fupa lathyoka, kukoka ndi kuponda kumalisuntha, ndipo likagwirana mokhota munthu amatsimphina moyo wake wonse. Mphini pa khungu lotupa zimatsegulanso khomo la tizilombo.

Achipatala ali ndi njira yosavuta yodziwira amene akufunika kujambulidwa. Ngati wovulala sangathe kuyenda mapazi anayi, kapena akumva ululu waukulu mukakhudza fupa lenilenilo la m'mbali mwa kakolo, ayenera kukajambulitsa. Ngati phazi lakhota, lachita dzanzi, lazizira, kapena pali bala loonetsa fupa, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Mwendo umangiriridwe ku thabwa kapena katoni yolimba mmene uliri, osauwongola, bala liphimbidwe ndi nsalu yoyera, ndipo munthuyo anyamulidwe.

Wa ku Matundo ali ndi mwayi, chifukwa Hospital Provincial de Tete ili kutsidya kwa Zambezi basi. Wochokera ku Ulóngue akatumizidwa kumeneko amayenda makilomita opitirira 200, n'chifukwa chake ena a m'malire amathamangira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza m'dziko la Malawi. Kulikonse kumene munthu wathandizidwa, asunge mapepala ndi chithunzi cha fupa, ndipo tsiku lobwerera kwa dokotala lisaphonyedwe. Bala likayamba kutuluka mafinya, kununkha, kapena thupi likatentha, asadikire tsikulo. Zimene zidamuchitikira Cazorla m'manja mwa madokotala a ku Ulaya zingachitike msanga kwambiri pa fumbi ndi kutentha kwa ku Tete.

Masabata a chikhakha ndi aatali

Akangomangidwa chikhakha, nkhondo imasamukira m'mutu. Munthu wozolowera kuthamanga ndi kutamandidwa amapezeka ali yekha pakhonde, anzake apita ku masewero, wina wavala kale nambala yake. Apa ndi pamene ena amayamba kachasu, ena kubetcha pa foni, ena kudula chikhakha ndi mpeni nthawi isanakwane. Fodya ndi mowa wambiri zimachedwetsa fupa kugwirana, ndipo kubetcha kumadya ndalama yomweyo ya ulendo wa kuchipatala.

Matimu akuluakulu amadziwa zimenezi, ndiye wovulala samusiya kunyumba. Amamupatsa ndondomeko ya tsiku lililonse, amalimbitsa manja, mimba ndi mwendo wabwinowo, ndipo amakhala nawo pa zokambirana za timu. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Timu ya m'mudzi ingathe kumunyamula pa njinga kupita naye ku bwalo, azikathandiza mphunzitsi kuona zolakwika, kulemba zigoli kapena kuphunzitsa ana malamulo a mpira. Amene adasiyira sukulu panjira angagwiritse ntchito miyeziyi kubwerera ku mabuku, popeza mpira ngakhale kwa amwayi umatha munthu akadali wamng'ono.

Pakhomo pa mlimi ntchito za pansi sizisowa: kutonola chimanga, kusankha mbewu ya nyemba, kuswa mtedza, kusankha ndi kumanga fodya, kuluka mphasa ndi malichero, kukonza njinga. Wovulala akamagwira zimenezi, mwendo ataukweza pa mpando kuti usatupe, amadziona kuti akadali wofunika pabanja. Chakudya chikhale chomanga thupi, monga nyemba, soya, mazira, ndiwo zamasamba ndi kapenta wa ku Cahora Bassa, amene amadyedwa ndi minga yomwe.

Chikhakha chikachoka, mwendo umakhala wowonda ndi wouma, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa poyesa kuti achira. Kakolo amene adavulalapo savuta kuvulalanso. Mafizo amayamba ndi kuzunguza phazi, kenako kunyamuka ndi zala, kuima ndi mwendo umodzi, kuthamanga molunjika, ndipo kukhota ndi kulimbirana mpira zimabwera pomalizira, achipatala akavomereza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Okonza zikho ali ndi udindo

Amene amaika zikho angachepetse mavutowa popanda kudikira boma. Gawo la ndalama za mphoto lipatulidwe likhale thumba la ovulala, ndipo matimu agwirizane za thumbalo mpikisano usanayambe. Pa tsiku la masewero pakhale galimoto kapena njinga yamoto yodikira. Bwalo likwiriridwe maenje ndi kuzulidwa zitsa. Oimbira asachite mantha kutulutsa wokwatula mnzake chakumbuyo, ngakhale akhale mwana wa mfumu. Aphunzitsi nawo angatengere ndondomeko ya FIFA 11+, yotenthetsa thupi kwa mphindi 20 popanda zipangizo zodula, imene idakonzedwa n'cholinga chochepetsa kuvulala.

Reinildo adabwerera chifukwa cha khama lake, komanso chifukwa panali timu imene idamusunga miyezi yonse imene sankatha kuithandiza. Nyengo ya zikho ikamayandikira, makomiti a matimu a ku Matundo ndi a m'maboma a m'malire ayenera kukhala pansi ndi osewera awo n'kulemba mgwirizano wa zimene zidzachitike wina akadzagwa osadzukanso yekha: wonyamula, wolipira, ndi wokalima m'munda mwake mpaka achire.