Makhadi a mfuti a ku Utah ndi ku Florida: abale, tisathamangire

Ine ndili bwino, ntchito ya ulonda ikuyenda, kungoti usiku wa ku South Bend kuno kumazizira koopsa. Amayi, musadandaule, jekete ija ndinagula.

Lero ndikufuna ndilankhule nkhani imene yatenga malo pakati pa anyamata athu kuno ku Indiana. Mwezi watha mnzanga wina anabwera kudzandibwereka ndalama. Ndinkaganiza kuti mwina ndi lendi kapena fizi ya mwana kumudzi. Ayi ndithu, amafuna akalipire kalasi kuti apeze pemiti ya ku Utah yoyenda ndi mfuti yaing'ono yobisa m'chiuno. Akuti akapezanso ya ku Florida ndiye kuti basi, adzayenda nayo Amereka yense. Ndinamukaniza, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Kwa inu akumudzi, dziwani kuti kuno si ngati kwathu kumene lamulo la mfuti ndi limodzi kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Kuno kuli zigawo 50 ndipo chilichonse chili ndi boma lake ndi malamulo ake. Zigawo zina zimapereka pemiti kwa anthu osakhala kumeneko. Ya ku Utah imaperekedwa ndi Bureau of Criminal Identification, imagwira zaka 5, ndipo kalasi yake safuna n'komwe kuti uombe mfuti. Ya ku Florida imaperekedwa ndi dipatimenti yoona za ulimi, imagwira zaka 7, koma kumeneko amafuna umboni woti unaombapo pamaso pa mphunzitsi. Konse amafuna zidindo za zala ndi chithunzi, ndipo amafufuza mbiri yako. Anthu amazikonda chifukwa zigawo zambiri zimazivomereza. Mpaka apa palibe bodza.

Bodza limayambira pa mawu akuti "Amereka yense". New York, New Jersey, Maryland ndi California savomereza pemiti ya chigawo china chilichonse. Illinois, kumene timapita ku Chicago kukalandira alendo pa eyapoti, nayonso salola kuti uyende m'tauni ndi mfuti pa pemiti ya kwina. Ndiye pali Michigan, imene ili pakhomo pathu penipeni, moti ena a ife timapita ku Niles pafupifupi sabata iliyonse. Michigan imavomereza pemiti ngati yaperekedwa ndi chigawo chimene iweyo ukukhala. Munthu wa ku Indiana wonyamula khadi ya ku Utah yokha alibe chilichonse m'manja akawoloka malire amenewo. Colorado nayonso ndi chimodzimodzi.

Chinanso chimene mnzangayo sankadziwa n'chakuti Utah yomweyo siingakupatse pemiti yake usanaonetse ya kwanu, ngati chigawo chanucho chimavomereza ya ku Utah. Indiana imavomereza. Tsono mnzangayo, amene alibe n'komwe laisensi ya Indiana, akanataya ndalama ya kalasi pachabe. Iye amadalira zoti kuyambira pa 1 July 2022 kuno ku Indiana munthu woyenera amaloledwa kuyenda ndi mfuti popanda laisensi. N'zoona, koma ufulu umenewo umathera pa malire a Indiana. Ukangolowa Michigan wasanduka wolakwa.

Mwina wina anganene kuti apolisi amamvetsa ngati munthu walakwitsa mosadziwa. Kumbukirani nkhani ya Shaneen Allen, mayi wa ana awiri wa ku Philadelphia. Mu 2013 anamuimitsa pamsewu ku New Jersey, iye yekha n'kuuza wapolisi mwaulemu kuti ali ndi mfuti komanso pemiti ya ku Pennsylvania. Anamumanga pomwepo, ndipo mlandu wake unali wa ndende zaka zosachepera zitatu ndi theka. Anapulumuka chifukwa nkhaniyo inamveka dziko lonse, mpaka bwanamkubwa Chris Christie anamukhululukira mu 2015. Ameneyo anali nzika ya dziko lino. Nanga iwe wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba, ndani adzakuimirira pa TV?

Apa ndi pamene nkhani yathu imasiyana ndi ya eni dziko. Lamulo la boma lalikulu limaletsa munthu wopanda mapepala kukhala ndi mfuti kapena chipolopolo ngakhale chimodzi. Limaletsanso amene ali pa viza ya sukulu kapena ya ulendo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi ya ulenje. Chilango chake kuyambira mu 2022 chimafika zaka 15. Wa green card amaloledwa, inde, koma akangopezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti, lamulo la olowa m'dziko limalola kuti amuthamangitse. Nzika ikalakwa imagwira ukaidi n'kubwerera kunyumba kwake. Ifeyo tikalakwa timagwira ukaidi kenako n'kukwezedwa ndege, ndipo fizi ya ana, mankhwala a agogo ndi malata a nyumba ija zonse zimaima tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti mantha a anzangawa ndi opanda pake. Ambiri timaweruka usiku, ena amayendetsa mathiraki kudutsa zigawo zisanu pa sabata, ena amagwira ntchito pa malo omwetsa mafuta pamene achifwamba amakonda. Ndiponso Khothi Lalikulu linagamula mu 2022, pa mlandu wa Bruen, kuti kuyenda ndi mfuti kunja kwa nyumba ndi ufulu. Koma chigamulo chimenecho sichinalamule kuti New Jersey izivomereza khadi ya ku Utah. Ndipo makampani ambiri amaletsa mfuti m'galimoto zawo, kaya uli ndi makhadi angati. Ngakhale ife alonda, pemiti ya iwe mwini siikupatsa chilolezo chobwera ndi mfuti pa geti ya bwana. Ine pa malo anga ndimagwira tochi ndi wailesi basi, ndipo ntchito imene yandipulumutsa kangapo ndi ya maso ndi ya pakamwa.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ngati mapepala ako sali bwino, mfuti usaikhudze n'komwe, ngakhale ya mnzako. Ngati uli ndi green card ndipo waganiza ndithu kuti ukuifuna, yamba ndi laisensi ya chigawo chako, pita ukaphunzire kuomba kwenikweni, ndipo ulankhule ndi loya wa za olowa m'dziko usanasaine fomu iliyonse. Usanayambe ulendo, werenga malamulo pa tsamba la apolisi a chigawo chimene ukupitako, chifukwa mapangano amenewa amasinthasintha. Ukakayika, isiye kunyumba m'bokosi lokhoma. Pemiti ya ku Utah kapena ku Florida ingathandize munthu amene wachita kale zonsezi ndipo akudziwa bwino misewu imene amayenda. Kwa ena tonsefe ndi khadi lokupatsa mtima woti ndiwe wotetezeka pamene ukulowera m'mavuto.

Mnzanga uja anandikwiyira masiku angapo, koma Lamlungu lapitali tinadyera limodzi nsima ndipo wanena kuti ayamba wafunsa loya. Ndalama ija ndatumiza kumudzi, achimwene mukaitenge mugule feteleza mitengo isanakwere.

Mupereke moni kwa onse. Ndatha ine wanu wa ku South Bend.