Nanga zimbale zathu zili kuti, bambo?

Sabata yatha ndinakacheza kwa mkulu wina ku Katoto kuno ku Mzuzu, mmodzi mwa aja anathawa ulamuliro wa chipani chimodzi n'kubwerako m'chaka cha 1994. Dzina sinditchula poti nsima yawo ndinadya. Atanditsegulira kabati, ndinaona zimbale za jazi zosungidwa ngati mazira: Kind of Blue cha Miles Davis cha 1959, A Love Supreme cha John Coltrane cha 1965, We Insist! cha Max Roach cha 1960, ndi Mannenberg cha Abdullah Ibrahim cha 1974. Zonsezi n'zoyenera kukhala nazo, sindikutsutsa. Koma nditafunsa kuti, "Nanga bambo, za kwathu zili pati?" anaseka nati ku Malawi kulibe jazi, kuli magitala a m'mowa basi.

Mawu amenewa andiwawa, ndipo ndikudziwa kuti si iwo okha amene amatero.

Inu akuluakulu munaphunzira kunja, tamverani. Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anatola kwela ali anyamata ku Salisbury, n'kumuumba mwa Chimalawi ndi gitala ndi chitoliro. Mu 1967 katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, atawamva anayamba kuwajambula, ndipo pambuyo pake nyimbo zawo zinakamveka ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Azungu akuwaphunzira m'mayunivesite, ife tikuti za m'mowa! Mannenberg amene mumamugwadirayo anachokera kuti? Si m'marabi a m'makomboni a ku Joni, momwe munkagulitsidwa mowa momwemo? Wa ku Cape Town akatero ndi luso, wa ku Chileka akatero ndi phokoso?

Alan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, ankakhwatcha banjo ndipo gulu lake ankalitcha Chimvu River Jazz Band. Dzina la jazi sanakapemphe kwa aliyense. Chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992, iye n'kutisiya mu 1995. M'kabati ya mkulu uja mulibe.

Chondinyansa kwambiri ndi cha Wambali Mkandawire. Uyu ndiye wa pakhomo penipeni, wa ku Mlowe ku Rumphi, ndipo ankakhala mu Mzuzu momwe muno. Mu 1968 boma linachotsa Chitumbuka pa wailesi, koma iye sanachite nacho manyazi, anaimba m'chinenero chomwecho. Chakufwa Chihana atamangidwa mu 1992, Wambali anali pakati pa amene anaimirira kuti atulutsidwe, pamene ena ankanong'onezana m'zipinda. Chimbale chake cha Zani Muwone cha 2002 chinapata mphoto ya SAMA ku South Africa mu 2003. Anthu a kwa Hugh Masekela anamuombera m'manja. Wambali anamwalira mu January 2021, ndipo mkulu amene ankakumana naye mumsewu alibe ngakhale kaseti yake imodzi. Masekela yemweyo, pojambula chimbale cha Phola cha 2009, anadalira Mmalawi, Erik Paliani. Kapena izinso simunamve?

Munkadandaula kuti bungwe la Censorship Board, lomwe linabwera ndi lamulo la 1968, linkatisankhira zomvera mpaka kuletsa nyimbo ya Cecilia. Zoona. Koma lija linkaletsa ndi chidindo, inu mukuletsa ndi mphwayi ndi kunyoza, ndipo oimba ake akufa chimodzimodzi osakumbukika.

Mudzati zimbalezi n'zosowa. Inde n'zosowa, poti ogula ake ndinu amene simuzifuna. Munatha kunyamula Coltrane kuchokera ku London osasweka, ndiye mulephere kufunafuna Zani Muwone kuno kwawo kwa mwini wake? Loweruka likudzali ndibwereranso ku Katoto nditatenga Namoko m'thumba, ndipo sindichoka mpaka bambo aja atamumvera yense.